Mwavi, ulembe ndi tameki: mayina a chiphe ku Malambo

Mu Chinyanja cha m'tauni chilichonse chimene chingaphe munthu chili ndi dzina limodzi, poizoni. Wa makoswe ndi poizoni, wa njoka ndi poizoni, kachasu wosatcheza bwino ndi poizoni, ngakhale chibwenzi chovuta anzathu a ku Chawama ndi ku Kapata amati ni poizoni chabe. Kuno ku Malambo, m'dziko la Akunda la mafumu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro, akuluakulu sankakamba motero. Chakupha chilichonse chinali ndi dzina lakelake, ndipo munthu akamva dzinalo ankadziwa kumene chachokera, amene ali ndi ufulu wochigwira, ndi chimene chiyenera kufa nacho. Ambiri mwa mayinawo akutha, m'malo mwake mwalowa mayina olembedwa pa mabotolo a m'sitolo.

Awiri akali moyo. Chiphe n'chosavuta kumva, chichokera ku kupha, ndipo chimalowa pakamwa kapena pabala. Ululu ndi wa chamoyo chimene chimaluma: mphiri, mbobo, chinkhanira, mavu. Mawu omwewa amatanthauzanso kupweteka, n'chifukwa chake timakamba za ululu wa dzino ndi ululu wa pobereka. Chingerezi nachonso chimasiyanitsa cha njoka ndi cha m'kapu, choncho amene amati chilankhulo chathu n'chosauka pa za sayansi ayambe acheza kaye ndi agogo awo. Ngakhale ku bowa kuli malire. Brian Morris, amene anafufuza nkhaniyi ku Malawi, anapeza kuti amayi amatcha bowa wodyedwa yekha, wosadyedwa amangoti chirombo, dzina lomwe lija la mkango ndi fisi.

Mawu ovuta ndi achitatu: mankhwala. Tili ndi mankhwala a malungo, a makoswe, a thonje, a chikondi, a mfiti. Wina akati "mlongo wako wamwa mankhwala", uyenera kuyang'ana nkhope ya wokambayo kuti udziwe ngati uyamike kapena uthamangire njinga. Ena amaona ngati kumeneku n'kuperewera kwa chilankhulo. Ife tikuona kuti makolo anaona bwino, chifukwa m'mbiri ya chigwa chino chochiza ndi chakupha kawirikawiri chinali chinthu chimodzi.

Mfuti zisanachuluke, mlenje ankadalira uta ndi ulembe, umene Abisa a kumpoto kwathu ndi Abemba amati bulembe. Unkachokera ku njere za chitsamba choyanga m'mitengo chotchedwa kombe, ndipo ankaumata m'munsi mwa chitsulo cha muvi. Nyama yolasidwa sinkagwa pomwepo. Mlenje ankailondola mpaka mtima wake utaima, kenako ankadula mnofu wozungulira bala n'kuutaya, yotsalayo mudzi wonse unkadya. Popanda labotale anthu ankadziwa kuti ulembe ndi woopsa m'magazi koma m'mimba umalowa pang'ono.

Pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi, umene unayamba mu 1858, dokotala wa gululo John Kirk anatenga kombe kwa anthu a m'chigwa cha Shire n'kumuika m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo anaona kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono. Njerezo zinafika ku Edinburgh kwa Thomas Fraser, amene anazifufuza kwa zaka zambiri, ndipo mu 1885 analengeza kuti muli mankhwala a matenda a mtima, otchedwa strophanthin. Posakhalitsa njere za kombe zinayamba kutuluka m'Nyasaland m'masaka kupita ku mafakitale a ku Ulaya. Dzina lathu linatsalira m'dzina la sayansi la chomeracho, Strophanthus kombe, koma alenje amene anaphunzitsa Kirk palibe anawalipira. Zidzukulu za alenje ngati iwo zinaona boma la atsamunda likukhazikitsa malo osungira nyama m'chigwa cha Luangwa mu 1938, ndipo kuyambira pamenepo wolowamo ndi muvi anakhala wakuba nyama.

Nsomba zinali ndi chiphe chake. Madzi a Luangwa ndi Lupande akabwerera m'chilimwe amasiya matamanda odzaza milamba, ndipo anthu ankasinja mizu ya katupe kapena masamba a buba, amene ku Malawi amati mthuthu kapena ombwe, n'kuthira m'madzimo. Nsomba zinkayandama, amayi ndi ana n'kumatola. Lamulo la nsomba la 2011 limaletsa zimenezi, ndipo tikugwirizana nalo, chifukwa katupe sasankha nsomba yaikulu ndi kamwana kake. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a zaulimi a ku Msekera, pafupi ndi Chipata, anabweretsanso buba yemweyo kwa alimi pansi pa dzina la Tephrosia, monga chitsamba chobwezera chonde m'nthaka.

Mwavi ndiye nkhani yaikulu. M'mabuku akale amalemba mwabvi. Ndi khungwa la mtengo waukulu umene umakonda m'mbali mwa mitsinje, a sayansi amautcha Erythrophleum, ndipo monga kombe umagwira mtima. Koma pakamwa pa makolo mwavi sunali chiphe, unali woweruza. Munthu akaganiziridwa ufiti, chigololo kapena kuba, mlandu n'kukanika pabwalo, ankaitana katswiri wosinja khungwalo, amene Achewa ankamutcha mapondera. Woimbidwa mlandu ankamwa anthu akuona. Akasanza ndiye kuti alibe mlandu, abale ake n'kululuta, womunamizira n'kulipira. Akalephera kusanza ankafa, ndipo imfayo inali chigamulo. Pa milandu ing'onoing'ono ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu.

Chimene achinyamata ambiri sachimvetsa n'chakuti anthu ankaupempha okha mwavi. Mayi amene anthu akumuloza chala pachitsime ankatha kunena kuti bweretsani ndimwe, ali ndi chikhulupiriro chonse kuti mtengo sunganamize wosalakwa. Kwa iye kumwa kunali kuyeretsa dzina. Tisakometsere, komabe. Kusanza kapena kusasanza kunkadalira mphamvu ya khungwa, dzanja la wosinja ndi thupi la wakumwayo, ndipo wosinja anali munthu wokhala ndi abale ndi adani, wodziwanso amene mfumu ikumufuna ndi amene yatopa naye. Nkhalamba yofooka inkapita ku bwalo limenelo itagonja kale. Pali mafumu amene ankamwetsa midzi yathunthu pofuna kuona amene sakuwamvera. Anthu ambiri osalakwa anafa, n'kuikidwa opanda ulemu, kapena osaikidwa n'komwe.

Boma la atsamunda linaletsa mwavi ku Nyasaland mu 1911 ndi ku Northern Rhodesia mu 1914. Lamulo la 1914 limenelo, litakonzedwa apa ndi apo, ndi lomwe lili m'mabuku a malamulo a Zambia mpaka lero monga Witchcraft Act. Linatenga chinthu chimene anthu ankachitcha woweruza n'kuchilemba m'gulu la poizoni, ndipo womwetsa anakhala wopalamula. Linaletsanso kutchula munthu kuti ndi mfiti. M'midzi anthu anamva zina: boma laimira afiti, latilanda chida chokhacho chowagwirira. Kuletsa kunapulumutsa miyoyo, izo n'zoona. Koma mantha amene ankatumiza anthu kwa mapondera lamulo silinawakhudze.

Chaka chimodzi lamulolo lisanafike, ku Msoro kuno kunachitika imfa imene imakambidwabe. Leonard Kamungu anabadwira ku Chia, kugombe la kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, anaphunzira ku Zanzibar, ndipo mu 1909 anadzozedwa unsembe wa Anglican. Atatumikira ku Nkhotakota anabwera kudzayamba ntchito ya mishoni pakati pa Akunda ku Msoro, kumene anatsegula masukulu ndi kubatiza anthu m'zaka zochepa zokha. Anamwalira mu February 1913 asanakwanitse zaka 40. Olemba mbiri ya mpingo amati mwina anamuthirira chiphe m'chakudya, ndipo ena amaloza wophika wake. Mpingo umamukumbukira pa 27 February, ndipo koleji ya zaubusa ya Anglican ku Zomba ili ndi dzina lake. Taonani mmene nkhaniyi imakambidwira: "mwina", "akuti", "anamudyetsa". Kale funso lotere likanapita ku mwavi n'kupatsidwa yankho, lolondola kapena lolakwika. Mwavi utachoka, funsolo linatsala m'manong'onong'o.

Mpata umenewo unapeza eni ake. Mu 1933 ndi 1934 anyamata ochokera ku Mulanje anayenda m'Nyasaland, m'chigawo chathu cha Kum'mawa mpaka ku Lubemba, atavala za chizungu, atanyamula magalasi oonera afiti ndi mabotolo a madzi ofiira. Ankawatcha a mchape, kuchokera ku kuchapa. Mudzi wonse unkafola, nyanga ndi zithumwa n'kuunjikidwa poyera, aliyense n'kumwa. Mchape sunkapha pomwepo, ndiye boma linkasowa pougwirira, koma uthenga unali wakuti amene wamwa akabwerera ku ufiti adzafa. Unali mwavi wovala jekete. Audrey Richards anawaona akugwira ntchito pakati pa Abemba mu 1934 n'kulemba za iwo. Pambuyo pake Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a cha ku Katete m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, anawerengera milandu ya ufiti n'kupeza kuti yambiri inali pakati pa anthu a bere limodzi, olimbirana chuma, ana ndi unyakwawa. Ife Akunda timatsatanso kuchikazi, ndiye nkhaniyi si yachilendo kwathu. Chiphe chimene munthu amachiopa kwambiri ndi cha m'mbale ya kwa amalume, osati cha mlendo. Mwambo woti wopereka mowa ayambe walawa yekha chipanda asanapatse mlendo unachokera m'mantha omwewa.

Mwa zonse zimene anthu amati amadyetsana, yotchuka ndi ndulu ya ng'ona. M'chigwa chodzaza ng'ona ngati chathu palibe mwana amene sanamvepo kuti kadontho kamodzi mu mowa kamamaliza munthu. M'zaka za m'ma 1980 wofufuza wina wa pa University of Zimbabwe, N. Z. Nyazema, anaiyesa nduluyo pa nyama za mu labotale ndipo sanapeze kuti ndi chiphe. Mbiriyo sinafe. Mu January 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu obwera kumaliro anamwa mowa wa masese wotchedwa pombe, ndipo 75 anamwalira, ena oposa 150 n'kudwala. Nyuzipepala za dziko lonse lapansi zinalemba kuti ndi ndulu ya ng'ona. Mayi amene anafulula mowawo anali pakati pa akufa. Patapita miyezi, zoyeza zinaonetsa kuti ufa wa chimanga umene anaphikira unali utanyowa ndi madzi osefukira, m'menemo munamera tizilombo totchedwa Burkholderia gladioli, timene timatulutsa chiphe champhamvu kwambiri. Panalibe ng'ona, panalibe mdani. Taganizani chikanachitika n'chiyani kwa mayi uja akanapulumuka.

Nkhani ya ku Chitima ikutikumbutsa mawu ena akale amene sitiwaopa mokwanira, chuku. Chimanga kapena nshawa zikasungidwa zosauma bwino zimachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa aflatoxin, chiphe chimene sichitha ndi moto ndipo chimawononga chiwindi pang'onopang'ono. Mu August 2024 nduna ya zaumoyo, Elijah Muchima, inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga choterechi, ndipo theka la zitsanzo 25 zotengedwa ku zigayo zikuluzikulu linapezeka ndi aflatoxin wopitirira muyeso. A m'tauni munaona matumba a ufa akuchotsedwa m'masitolo. Kumudzi chimanga chowola nthawi zambiri sichitayidwa, chimapita ku nkhuku kapena ku mowa.

Tibwerere ku mawu aja akuti mankhwala. Matenda a kaodzera a mtundu wofulumira kupha ali ndi chizindikiro cha chigwa chino m'dzina lake. Mu 1910 akatswiri awiri a ku Liverpool, Stephens ndi Fantham, anapeza kachilombo katsopano m'magazi a mzungu amene anadwalira ku Luangwa, n'kukatcha Trypanosoma rhodesiense. Mu 1911 ndi 1912 Kinghorn ndi Yorke, atamanga msasa ku Nawalia, anatsimikiza kuti kamafala ndi kashembe wa m'tchire mwathu ndipo kamabisala m'magazi a nyama. Chochiza chake, matenda akafika ku ubongo, chinali melarsoprol kuyambira 1949. Mankhwala amenewa ali ndi arsenic, chiphe chimene ku Ulaya chinkatchuka pophera anthu mwachinsinsi. Jakisoni wake ankawotcha mtsempha, ndipo pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse ankafa ndi mankhwalawo osati ndi matenda. Madokotala ankadziwa, koma kusabaya kunali imfa yotsimikizika. Zinakhala choncho zaka zoposa 70. Mu December 2023 m'pamene bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza mapilitsi a fexinidazole pa kaodzera wa mtundu wathuwu, atayesedwa pa odwala a ku Malawi ndi ku Uganda. Ku Kakumbi kuli malo ofufuzira za kashembe mpaka lero, ndipo nsalu zabuluu ndi zakuda zimene mumaziona m'mbali mwa msewu wa ku paki ndi misampha yake.

Amene munatsikapo basi ku Mfuwe mukudziwa malo otchedwa Cropping, pamene pali mashopu ndi mabala. Dzinalo linachokera ku ntchito ya boma ya m'zaka za m'ma 1960, yochepetsa njovu, mvuu ndi njati zimene akatswiri ankati zachuluka kuposa chakudya chake. Panali butchala yaikulu, ndipo nyama inkatumizidwa kukagulitsidwa m'matauni. Njovu zambiri ankazilasa ndi jakisoni wa Scoline, mankhwala amene madokotala amagwiritsa ntchito pa opaleshoni pofooketsa minofu. Ochuluka amaimitsa kupuma. Tinganene kuti unali ulembe wa boma, wokhala ndi chidindo ndi risiti. Ndi mmene mayina amagwirira ntchito: muvi wa mlenje wa kwa Kakumbi unali poizoni, muvi wa ofisala unali mankhwala.

Thonje ndi limene linabweretsa chiphe m'nyumba iliyonse. Nthaka yakuda ya ku Malambo imalikonda, ndipo kuyambira nthawi ya Lintco, kampani ya boma imene inagulitsidwa mu 1994, mpaka makampani amene anabwera pambuyo pake, mlimi amalandira mbewu ndi mankhwala pa ngongole, n'kudzabweza pa malonda. Thonje silikula popanda kupopera kangapo. Motero chinthu chimene kale chinali m'manja mwa mlenje ndi mapondera okha chinafika pansi pa bedi, pafupi ndi thumba la ufa, ndipo wopopera nthawi zambiri ndi mnyamata wovala kabudula ndi patapata. Botolo likatha ena amalitsuka n'kuthiramo mchere kapena mafuta ophikira. Malangizo ake ali m'Chingerezi cha zilembo zing'onozing'ono. Chithunzi cha chigaza ndi mafupa chokha ndi chimene aliyense amawerenga.

Chilankhulo chinatola mayina a pa mabotolo n'kuwapinda. Rogor anakhala logo. Temik anakhala tameki, makamaka ku Malawi ndi m'malire, ndipo ku South Africa amamutcha two step, kunena kuti wamudya sayenda mapazi ambiri. Doom aliyense amamudziwa. Temik ndi aldicarb, mankhwala ophera tizilombo ta m'nthaka amene anayamba kupangidwa ndi Union Carbide, kampani yomwe ija imene fakitale yake inatulutsa mpweya wakupha anthu zikwizikwi ku Bhopal, m'dziko la India, mu 1984. Pamsika dzina la tameki limaperekedwa ku timibulu takuda tilitonse togulitsidwa m'kapepala kopanda chizindikiro, kaya ndi aldicarb, kaya ndi carbofuran wa dzina la Furadan, kaya ndi china. Wogulitsayo nayenso sadziwa.

Mawu akuti "anamwa logo" tonse tikudziwa tanthauzo lake, ndipo timawanena motsitsa mawu. Bungwe la WHO limati pa anthu asanu alionse odzipha padziko lapansi, pafupifupi mmodzi amagwiritsa ntchito mankhwala a m'munda. Ambiri amachita zimenezi mkangano utangochitika, mtima uli m'mwamba, ndipo tsiku likadutsa maganizowo amakhala atasintha. Sri Lanka, dziko la alimi ngati ife, linaletsa mitundu yochepa yoopsa kwambiri, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi 70 peresenti, zokolola osatsika. Kuno udindo wa kalembera wa mankhwala otere uli ndi ZEMA. Koma kapepala ka tameki sikadutsa mu ofesi, kamadutsa m'njira zachidule za m'malire.

Kutchire nako chiphe chatsopanochi chinasintha ulenje. Opha njovu a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, amene anamaliza zipembere za m'chigwa muno, ankagwiritsa ntchito mfuti, ndipo mfuti imamveka. Chiphe sichimveka. Mu 2013 ku Hwange, m'dziko la Zimbabwe, njovu zoposa 100 zinafa anthu atathira cyanide wa m'migodi pa malo amene zimamwa madzi ndi kunyambita mchere. Ndiye pali miimba. Njovu ikafa miimba imazungulira kumwamba, ndipo asilikali a nyama amaiona ali kutali n'kudziwa kolowera. Opha njovu ataona zimenezi anayamba kuthira mankhwala pa mtembo atachotsa minyanga, kuti mboni zife. Darcy Ogada ndi anzake anawerengera zochitika 11 zotere m'maiko asanu ndi awiri, Zambia ili momwemo, pakati pa 2012 ndi 2014: njovu 155, miimba 2,044. Mu June 2019 ku Botswana miimba 537 inafera pa mitembo itatu ya njovu. Muimba umaikira dzira limodzi pachaka. Fisi, nkhandwe ndi mkango zikafika pa nyama yomweyo nazonso zimagona pomwepo, ndipo nthawi zina wothira si wakuba minyanga koma mlimi amene mkango wamudyera mbuzi kapena ng'ombe. N'chifukwa chake a DNPW, Conservation South Luangwa ndi Zambian Carnivore Programme akapeza mtembo wokayikitsa amautentha m'malo mousiyira zilombo.

Kusiyana kwa ulembe ndi tameki kuli pa mphika. Nyama ya ulembe inkadyedwa bala likachotsedwa. Nyama ya tameki ilibe bala loti n'kudula, chiphe chili m'matumbo ndi m'magazi, ndipo ikaumitsidwa n'kufika m'thumba ku Chipata kapena ku Lusaka wogula sangaizindikire. Nsomba zophedwa ndi mankhwala a thonje zimaoneka ngati zina zonse pa thebulo la pamsika.

Pali chinanso chimene anthu amachitcha poizoni pamene si poizoni. Mvuu zikafa zambiri nthawi imodzi m'chilimwe, mphekesera imati wina wathira mankhwala m'madzi. Kawirikawiri amakhala matenda a anthrax, amene tizilombo take timakhala m'dothi zaka zambirimbiri. Mu 1987 anapha mvuu zoposa 4,000 m'Luangwa. Mu 2011 kwa anansi athu ku Chama mvuu zoposa 80 zinafa, anthu anadula nyama, oposa 500 anadwala ndipo asanu anamwalira. Chiphe ndi matenda zimafuna chithandizo chosiyana, ndipo miimba imene ikuphedwayo ndi imene imamaliza msanga mitembo ya m'tchire isanawole.

Kuchipatala ndi kumene kusauka kwa mawu athu a lero kumaonekera. Abale akafika ndi wodwala pa njinga n'kunena kuti wamwa poizoni, namwino sanauzidwe kanthu. Logo ndi tameki zili ndi jakisoni wake, atropine. Mankhwala ambiri a makoswe amachititsa magazi kusaundana ndipo amafuna vitamini K. Ululu wa njoka uli ndi chake, ndipo mphiri ndi mbobo sizipweteka mofanana. Botolo kapena kapepala kakafika limodzi ndi wodwala, ngakhale kopanda kanthu, kamakamba zimene abale sangathe kukamba. Koma panjira ambiri amakhala atayamba kale kumumwetsa mkaka, mazira aawisi kapena madzi a mchere kuti asanze. Mkaka suthetsa chiphe. Kusanzitsa munthu wofooka kumalowetsa masanzi m'mapapo, ndipo kwa mwana amene wamwa palafini n'koopsa kuposa palafiniyo ali m'mimba. Chikhulupiriro chakuti wosanza wapulumuka n'chakale kuposa chipatala chilichonse m'boma lino, ndipo ife tikamva gogo akukuwa kuti "msanzitseni, msanzitseni" timamva mawu a pabwalo la mwavi, zaka zoposa 100 chiletsedwere.

Pa wailesi timawerenga zidziwitso za maliro pafupifupi tsiku lililonse, zolembedwa pamanja ndi abale. Sitinalandirepo kapepala kotchula logo, tameki kapena ndulu ya ng'ona. Amalemba kuti malemu anadwala kanthawi kochepa, mwambo wa maliro uli kumudzi kwawo mawa m'mawa.